Kuyenda ulendo wautali wapansi ndi amuna anga: iwo amathamanga, ine ndimatsalira

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna maganizo a anthu amene anayendapo maulendo a masiku ambiri wapansi, makamaka amene anayenda awiri ngati banja. Bambo a kunyumba kwathu agwidwa ndi matenda atsopano. Usiku uliwonse ali pa YouTube kuonera anthu akuyenda njira ya Appalachian ku America, chikwama kumsana miyezi yathunthu, kugona mu tenti. Tsopano akuti ifenso tiyambe kukonzekera, poti ana akula atha kutsala ndi agogo awo. Ine kuyendako ndimakukonda, Michiru timakwera, Zomba tinakwera. Vuto langa ndi ili: iwo miyendo ndi yaitali, akayamba chitunda sacheukanso. Ndimawapeza atakhala pamwala, thukuta litauma kale, ine ndikangofika wefuwefu akuti "tiyeni". Nanga ine ndipuma liti? Tsiku limodzi ndimapirira, koma mwezi wathunthu sindikuona bwino. Amene munayenda ndi akazi anu kapena amuna anu, munkatani?

Mfana wa pa Ndirande: Asisi nkhani yake ndi yosavuta. Akagona, aikireni miyala iwiri pansi pa chikwama 😂

Nangozo (Cape Town): Mfanayu akuseka koma wakhudza penipeni. Miyala ayi, koma katundu inde. Banja likamayenda limodzi pali zinthu zimene zimakhala chimodzi cha nonse: tenti, mbaula ya gasi, poto, sefa ya madzi, chakudya cha masiku angapo. Zimenezo musagawane theka ndi theka ngati mukugawana ngongole. Wothamangayo anyamule zambiri mpaka liwiro lanu lifanane. Anthu oyenda amakonda kunena kuti chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lako. Ndiye ngati inu muli makilogalamu 60 iwo 85, kunyamula 15 aliyense si chilungamo ayi, inu mwapitirira malire iwo akuyenda ngati anyamula nyuzipepala.

Chachiwiri, za kupumazo. Kwathu tinagwirizana kuti nthawi yopuma imayamba kuwerengedwa wakumbuyo akafika n'kutula chikwama. Wakutsogolo kaya wakhala nthawi yaitali bwanji, zimenezo ndi zake.

Nachisale: Achemwali, chachiwiricho ndachijambula, ndiwatumizira pompano.

Mayi a Tadala: Ine ndikuona mosiyana pang'ono. Ife tinayenda Camino ku Spain, njira ya amwendamnjira yopita ku Santiago de Compostela. Yonse kuchokera ku Saint-Jean-Pied-de-Port ndi pafupifupi makilomita 780, ife tinayamba ku León. Masiku oyamba tinkayenda phewa ndi phewa, ndipo tinkakangana tsiku lililonse. Bambo a Tadala akachepetsa liwiro kuti andidikire, chiuno chinkawapweteka, chifukwa kuyenda pang'onopang'ono kuposa mmene thupi linazolowera n'kotopetsanso. Ine ndikawonjezera liwiro, matuza. Tinadzasiya. M'mawa tinkamwa khofi limodzi, n'kugwirizana mudzi wokumana masana, aliyense n'kuyenda yekha. Iwo ankafika msanga kukagwira malo ogona, chifukwa nyumba zambiri za amwendamnjira za boma sasungitsiratu, woyamba kufika ndiye wapeza bedi. Ine ndinkayenda ndi korona yanga, kucheza ndi amayi a ku Korea ndi ku Brazil amene ndinkakumana nawo. Madzulo tinkakhala ndi nkhani zouzana. Mukayenda limodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mwaona zofanana, mwamva zofanana, ndiye pa chakudya mumangoyang'anana.

Gaidi wa ku Likhubula: Mayi, pepani ndilowerere. Zimene mwanenazo zisafike ku Mulanje chonde. Kumeneko mwina njira ili ndi zizindikiro paliponse ndi midzi pafupipafupi. Kuno mukachoka pa Chambe kulowera ku Chisepo palibe mudzi, palibe golosale, ndipo netiweki imabwera pamene yafunira. Chiperoni chikagwa, munthu amene ali mamita khumi patsogolo pako sumuonanso. Njira ikafika pa thanthwe imasowa, umangotsata timiyala tosanjikiza ndi utoto wofufuma. Anthu atayika m'phiri lino. Mu 2003 mlendo wina wa ku Netherlands anapita yekha ku Sapitwa ndipo sanabwerere, mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anafera komweko. Onsewo anali okhaokha. Ine ndikamatsogolera banja, lamulo langa ndi limodzi: woyenda pang'onopang'ono ndiye amakhala pambuyo panga penipeni, wothamanga amatseka kumbuyo. Abambo ambiri sazikonda tsiku loyamba.

Mayi a Tadala: Achimwene mukunena zoona, sindikutsutsa. Camino ndi njira ina. Mivi yachikasu ili pamakoma, pamitengo, pamiyala, ndipo patsogolo pako ndi kumbuyo kwako kuli anthu nthawi zonse, makamaka kuchokera ku Sarria kumene ambiri amayambira poti satifiketi ya Compostela imafuna makilomita osachepera 100 wapansi. Kutayika kwake n'kongolowa mumsewu wolakwika n'kubwerera. M'phiri la chifunga sindingasiyane ndi munthu ngakhale takwiyitsana.

Nangozo (Cape Town): Komanso mukasankha zoyenda padera, pali msampha. Tenti ili ndi bambo, mbaula ili ndi mayi, mapu ali m'foni imodzi. Mvula yayamba, mwasemphana pamphambano. Mmodzi ali ndi pogona alibe moto, wina ali ndi moto alibe pogona. Ndiye kaya muyenda limodzi kaya padera, aliyense m'chikwama mwake mukhale madzi ake, chakudya cha tsikulo, jekete ya mvula, juzi, tochi, wenzulo ndi mapu akeake. Zolemera za msasa ndi zokhazo zimene mungagawane.

Bambo a Yamikani (Glasgow): Ndawerenga zonse, koma palibe amene wakhudza nkhani imene inatsala pang'ono kutibweza panjira ife. Si liwiro ayi. Ndi zimene zimachitika mukafika.

Tinayenda West Highland Way kuno ku Scotland, makilomita 154 kuchokera ku Milngavie, kunja kwa Glasgow, mpaka ku Fort William. Tinali mabanja awiri a kwathu konkuno. Tsiku lovuta kwambiri ndi la m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond, kupitirira Inversnaid, kumene njira ndi mizu ya mitengo ndi miyala yoterera yokhayokha, sungaponde kawiri mofanana. Tafika pamsasa madzulo aliyense miyendo ikunjenjemera. Mnzangayo wangovula jombo, wagona chagada pa udzu, akuti "mayi, tiyi uja bwanji?" Mkazi wake wayenda mtunda womwewo, wanyamula chikwama chomwecho, tsopano akatunge madzi, ayatse mbaula, aphike, atsuke mapoto, atulutse zogonera. Tsiku lotsatira mayiyo sanalankhule ndi munthu mpaka ku Tyndrum. Atafika kumeneko anafunsa nthawi ya sitima yobwerera ku Glasgow.

Kunyumba mwina mumati bambo achokera kuntchito atopa. Panjira chifukwa chimenecho palibe, nonse mwachokera kuntchito imodzi. Ife timachita chonchi: ine tenti, madzi ndi kutsuka, mayi a Yamikani moto ndi poto, chifukwa ndikaphika ine timadya mpunga wa mbwewe. Tikafika palibe wokhala pansi mpaka zonse zitatha.

Mfana wa pa Ndirande: Ndiye anakweradi sitimayo biggie?

Bambo a Yamikani (Glasgow): Sanakwere. Akazi anga anamutengera pambali, ine ndinamutengera mnzangayo pambali. Mawa lake ndinamuona akutsuka poto mumtsinje midges zikumudya kumaso. Amene simunazione midges, ndi tizilombo ting'onoting'ono kuposa udzudzu, timabwera ngati utsi nthawi yotentha, makamaka kukakhala bata m'mawa ndi madzulo. Malungo sitipereka, koma ukakhala wopanda kaneti ka kumutu ukhoza kulira.

Aphunzitsi Phiri: Ana inu mukundisangalatsa. Agogo anga aamuna anayenda wapansi kuchoka ku Dedza, kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, mpaka ku Halale kukafuna ntchito. Sanapite ndi Wenela kapena Mthandizi, mabungwe aja olemba anthu ntchito zakunja, anali a selufu, ongonyamuka okha ndi anzawo. Ufa pang'ono, kampoto, bulangete, nkhwangwa. Ankaima pa mafamu kugwira ganyu kuti apeze chakudya cha mtsogolo. Akazi ankatsala kumudzi, ena kudikira zaka, ena osawaonanso amuna awo, ndi aja tinkati machona. Lero mdzukulu akuti ndikufuna kuyenda mtunda womwewo popanda chondithamangitsa, ndipo ndipita ndi mkazi wanga. Ine sindikuona choipa.

Koma mwana wanga Nachisale, kayendedwe kamene ukudandaula nako si ka amuna ako okha. Tinakula tikuona bambo patsogolo ndi kankhwangwa paphewa, mayi kumbuyo mtolo pamutu mwana kumsana, mtunda wa mamita makumi awiri pakati pawo, kuchoka kumunda mpaka kunyumba osalankhulana. Ankati bambo akutsogola kuti aone njoka. Amuna ambiri a msinkhu wa amuna akowo sanauzidwepo kuti kuyenda kumbuyo kwa mkazi si kuchepa. Uwauze mwaulemu, amva.

Nachisale: Zikomo bambo. Njoka zake sanaphepo ndi imodzi yomwe, koma ndiwauza mwaulemu.

Mbewe (Maryland): Ndiyankhepo za Appalachian yeniyeniyo, poti imadutsa pafupi ndi kumene ndikukhala ndipo ine ndi madam timayenda zigawo zake kumapeto a sabata. Alamu asanagule chilichonse adziwe kukula kwa chimene akuchilakalaka. Ndi makilomita pafupifupi 3,500, kuchokera pa phiri la Springer ku Georgia mpaka pa Katahdin ku Maine, kudutsa zigawo 14 za dziko lino. Oyenda yonse ulendo umodzi amatenga miyezi 5 mpaka 7. Ambiri amayamba mu Malichi kapena Epulo kuti akafike ku Katahdin pakati pa Okutobala pasanafike, kuzizira kusanatseke phirilo. Mwa anthu anayi oyamba, amene amamaliza ndi mmodzi.

Ku Harpers Ferry, kumene kuli likulu la bungwe losamalira njirayi, oyenda amaima kujambulitsa, ndipo timakumana nawo kumeneko. Mabanja amene afika pamenepo ayenda kale makilomita opitirira 1,600. Ukawayang'ana sakhala anthu a mphamvu zodabwitsa ayi. Mu 1955 gogo wina, Emma Gatewood, anayenda njira yonseyi yekha ali ndi zaka 67, atavala nsapato za kanivasi, katundu ali m'kathumba paphewa. Thupi limazolowera pakatha masabata angapo. Chimene chimabweza anthu ndi kuvulala, ndalama kutha, ndi mtima kutopa. Mvula sabata yathunthu, masokosi osauma, kununkha nonse awiri mu tenti yopapatiza, chakudya chomwechomwecho. Masiku angapo alionse mumatsikira m'tauni kukagula chakudya, ndipo m'tauni ndi mmene ndalama zimathera, chifukwa munthu wanjala akaona bedi ndi shawa sawerenganso. Kuli zimbalangondo, chakudya sugona nacho mu tenti. Kulinso nkhupakupa zopereka matenda a Lyme, ndipo apa ndiye pamene kuyenda awiri kumathandiza, madzulo mumayang'anana kumsana ndi kuseri kwa mawondo.

Kenako visa. Mu 2025 America inayamba kufuna chikole cha ndalama, mpaka madola 15,000, kwa a pasipoti ya Malawi ofuna visa yokacheza. Nonse awiri muwerengere nokha. Sindikuwagwetsa ulesi alamu, koma Mulanje ali pakhomo panu.

Chisale: Moni akuluakulu. Ine ndi amene mukundikambayo.

Mfana wa pa Ndirande: Eeee zavuta 😂😂 Admin tsekani zitseko

Chisale: Musatseke, mayi anditumizira okha zonse. Mlandu wa kusacheuka ndaumva, ndipo sindibweretsa loya. Koma nanenso ndinene mbali yanga. Pa chitunda ndikayenda pang'onopang'ono ndimatopa msanga, monga anenera mayi a Tadala. Ndipo mayi akwathuwa sananene kuti potsetsereka amandisiya ndi iwo, ine mawondo amandivuta. Sananenenso kuti akaona duwa lililonse amaima kujambula. Funso langa lenileni ndi lina. Tiyerekeze tasunga ndalama zaka zingapo, tatenga tchuthi, tili pakati pa ulendo, mmodzi wavulala kapena wangoti basi ndatopa. Winayo amatani? Abwerere naye, kapena amalize?

Nangozo (Cape Town): Alamu mwafunsa funso limene mabanja ambiri amaliopa. Yankho lake likhalepo musanatseke chitseko cha kunyumba. Mukadikira kuti mulikambe muli pamwala wina bondo litatupa, aliyense amanena zimene sakutanthauza. Wovulala amati "pitani, musadandaule za ine", mumtima akufuna mutsale. Winayo amati "ayi nditsala", mumtima akuwerenga ndalama zimene zapita. Mukafika kunyumba nkhaniyo imatuluka pa mkangano wina uliwonse mpaka Khirisimasi.

Mbewe (Maryland): Kuno ndaonapo njira zonse ziwiri. Ena mkazi kapena mwamuna akasiya, amabwereka galimoto n'kumakumana ndi mnzakeyo pamene njira yadutsa msewu, kumubweretsera chakudya. Ena amabwerera onse n'kudzapitiriza chaka china pomwe anasiyira, ndipo amawerengedwabe kuti anamaliza njira yonse ngakhale zitatenga zaka khumi. Palinso kalamulo kamene oyenda amauzana, koti usasiye ulendo pa tsiku loipa. Fika m'tauni, samba, idya, gona pabedi usiku uwiri, ukadzukabe ukufuna kubwerera ndiye kuti watsimikizadi.

Mayi a Tadala: Ine ndinena mosabisa, bambo a Tadala akanandisiya pa chipatala cha m'mudzi wa ku Spain kumene sindidziwa chilankhulo, iwo n'kupita kukatenga satifiketi, satifiketiyo akanaipachika kwa amayi awo.

Bambo a Yamikani (Glasgow): Kuvulala ndi kutopa tisaziphatikize. Kuvulala, palibe zokambirana, mumatsika nonse. Koma ngati mmodzi wangopeza kuti zoyendazi sakuzikonda, si bwino kuti winayo ataye chimene wachilakalaka zaka. Ndiponso si bwino kumukoka munthu masabata atatu akulira chamumtima kuti iwe usangalale. Ku West Highland Way n'kosavuta chifukwa sitima ndi basi zimadutsa pafupi ndi njira m'malo ambiri, Crianlarich, Tyndrum, Bridge of Orchy. Wotopa akwera basi, mukumana madzulo. Kulinso makampani onyamula zikwama kuchoka pogona pano kukasiya pogona potsatira, iwe n'kuyenda ndi kachikwama ka madzi ndi jekete basi. Ena amati kumeneko n'kubera. Ine ndimati banja likafika ku Fort William likulankhulana, palibe amene wabera.

Nachisale: Kwa ine, nditavulala mutsike nane. Nditangotopa, malizani, koma muzindiimbira madzulo alionse. Ndanena pagulu kuti pakhale mboni.

Chisale: Ndalandira. Ine chimodzimodzi.

Nambewe: Pepani abambo, ndilankhule ndi amayi anzanga pang'ono. Nachisale, ulendo ukapitirira masabata atatu nkhani ya kumwezi siithawika, ndipo ngakhale wa sabata imodzi uwerengere masiku ako. Mapadi ogwiritsa kale ntchito sukwirira kapena kutaya m'tchire, umanyamula m'kapulasitiki kotseka bwino mpaka utatsika. Ena amakonda kakapu ka kumwezi kotsuka, koma uyambe kukazolowera kunyumba. Masiku amenewo mtunda uchepe ndipo bambo adziwe chifukwa chake, osamangoti mayi lero aulesi. Tenga chitenje. Chimakhala chotchinga posamba kumtsinje, thawulo, pilo, mpango wa kuzizira, zonse. Ndipo imwa madzi ambiri, amayi ambiri amadzimana madzi poopa kuima pafupipafupi pamene pali amuna, mapeto ake mutu ndi matenda a chikhodzodzo.

Chinanso, amene akuganiza kuti ulendo wotere ndi hanemuni aiwale. M'nyumba za m'phiri mumagona chipinda chimodzi ndi anthu osawadziwa, wina akuliza mkonono, wina akuyanika masokosi pamoto.

Mayi a Tadala: Ku Camino mabedi osanjikizana, anthu makumi angapo holo imodzi, magetsi azima 10 koloko usiku, 8 koloko m'mawa mukhale mutatuluka. Ife masiku angapo alionse tinkalipira kachipinda kathu pa kanyumba ka alendo. Muike ndalama imeneyo mu bajeti, si yowononga.

Admin: Tikumbutsane kuti pagulu pano pali ndi ana asukulu. Pitirizani, koma nkhani ya kachipinda ithere pomwepo.

Nangozo (Cape Town): Tamva a Admin. Ndiwonjezere za kuno kumwera, poti n'kofikika ndi basi kapena ndege imodzi. Otter Trail ili m'mbali mwa nyanja ku Tsitsikamma, kuchokera ku Storms River Mouth mpaka ku Nature's Valley, masiku 5, makilomita pafupifupi 45. Musanyozere kuchepa kwa makilomitawo, ndi kukwera ndi kutsika kokhakokha. Amalola anthu 12 okha patsiku, ndiye malo amasungitsidwa miyezi yambiri zisanachitike. Tsiku lachinayi mumawoloka mtsinje wa Bloukrans pamene ukuthira m'nyanja, ndipo muyenera kufikapo madzi a m'nyanja ataphwa. Nthawi zina zimenezi zimafuna kunyamuka usiku ndi tochi. Apa ndiye pamene liwiro la banja limayesedwa, chifukwa nyanja siidikira kuti mayi ajambule duwa, ndipo bambo akathamanga yekha akawoloka ndi ndani? Mukachedwa pali njira yothawira yokwera kumtunda, musalimbane ndi madzi.

Fish River Canyon ku Namibia ndi makilomita pafupifupi 85, kuchokera ku Hobas mpaka ku Ai-Ais. Imatsegulidwa kuyambira Meyi mpaka pakati pa Sepitembala chifukwa cha kutentha, amafuna kalata ya dokotala, ndipo anthu awiri okha salola, gulu liyambire atatu. Ndiye kumeneko mufune banja lina.

Mfana wa pa Ndirande: Ine ndilipo ngati wachitatu. Ndinyamula spika.

Nambewe: Iwe ukanyamula spika tikakusiya ku Hobas.

Aphunzitsi Phiri: Musaiwale kumpoto. Kuchoka ku Chelinda pa Nyika kutsikira ku Livingstonia ndi ulendo wa masiku atatu, mumagona m'matenti, ndipo mumayenda ndi msilikali wa zanyama chifukwa ndi m'nkhalango yotetezedwa. Mbidzi ndi nyama zina mumaziona muli wapansi. Mukafika ku Khondowe, kumene a Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, mutha kuona mathithi a Manchewe n'kutsika msewu wa Gorodi mpaka ku Chitimba kunyanja. Koma usiku wa pa Nyika mu Juni ndi Julayi madzi amaundana pa udzu, musapite ndi kabulangete ka ku Nsanje.

Chisale: Zonsezi ndalemba. Tagwirizana ndi mayi kuti tiyambe ndi Mulanje, kudutsa phiri lonse mbali ina mpaka mbali ina. Achimwene a ku Likhubula, tiyende bwanji?

Gaidi wa ku Likhubula: Bwana mwasankha bwino. Njira imene ndimakonda kwa anthu oyamba ndi iyi. Munyamuke pa ofesi ya zankhalango pa Likhubula m'mawa, mukwere ku Chambe. Pali njira ziwiri, Skyline ndi yachidule koma yoimirira, Chapaluka ndi yotalikirapo koma imadutsa ku Dziwe la Nkhalamba ndipo ili ndi mthunzi. Kwa inu ndi mayi ndingasankhe Chapaluka. Tsiku limenelo mumakwera pafupifupi mamita 1,000, ndipo ndi limene anthu amakangana kwambiri chifukwa zikwama zikadali zodzaza ndipo miyendo sinazolowere. Kuchoka pa Chambe mupite ku Chisepo, pamene pali poyambira kukwera Sapitwa. Kenako Thuchila, Chinzama, Sombani, n'kutsikira ku Fort Lister mbali ya Phalombe. Pakati pa nyumba ndi nyumba ndi maola atatu mpaka asanu malinga ndi kayendedwe kanu, ndiye masana mumakhala mwafika, mpata wosamba ndi kuchapa ulipo.

Sapitwa ndi mamita 3,002. Muipatse tsiku lakelake, zikwama musiye pa Chisepo. Kumeneko si kuyenda kokha, pali pokwawa pa thanthwe ndi polowa pansi pa miyala. Ndipo muvomerezane kuti gaidi akati tibwerere chifukwa cha nyengo, mubwerera osakambirana. Ndakumanapo ndi mabanja oti mmodzi akufuna nsonga mwa njira iliyonse, winayo akuopa koma sakufuna kuoneka wofooka pamaso pa mnzake. Amene ali ndi mantha anene, si manyazi.

Nachisale: Tenti tigule? Nanga chakudya?

Gaidi wa ku Likhubula: Tenti musavutike nayo mayi, mugona m'nyumba. Nyumba iliyonse ili ndi mlonda amene amathandiza nkhuni ndi madzi, mumuthokoze ndi kangachepe pochoka. Chofunika ndi sleeping bag yotentha ndi kamphasa kogonera. Chakudya mugule ku Blantyre kapena pa Chitakale, kumtunda kulibe kogula. Ufa, mpunga, usipa kapena bonya, soya, chiponde, mtedza wokazinga, tiyi, shuga, mkaka wa ufa, phala la m'mawa. Zam'chitini zimalemera ndipo zitini mudzatsika nazo. Jombo zikhale zimene mwayenda nazo kale, zatsopano zimabala matuza tsiku loyamba. Pulasitala mumate pamene payamba kutentha, osadikira kuti thuza lituluke. Bwana, poti mwati mawondo, pezani ndodo ziwiri, kutsikira ku Fort Lister mudzazifuna.

Za mapota, ndikudziwa kuti mukufuna kuyesa kunyamula nokha. Nyamulani zanu, koma chakudya mupatse pota mmodzi. Anyamata amenewa ndi aja amathamanga mpikisano wa Porters Race mu Julayi, phirili amalidziwa ngati kumunda kwawo, ndipo ndi ntchito imene imadyetsa mabanja kuno.

Chisale: Mwezi uti?

Gaidi wa ku Likhubula: Meyi mpaka Julayi kumakhala kobiriwira, mitsinje ili ndi madzi, koma kumazizira kwambiri usiku ndipo chiperoni chimatha kukutsekerani m'nyumba masiku awiri. Ogasiti ndi Sepitembala kumayera bwino, kungoti utsi wa moto wa tchire umaphimba zakutali. Okutobala kumatentha pokwera. Nthawi ya mvula musayese ulendo woyamba, miyala imaterera ndipo mitsinje imadzadza mwadzidzidzi. Chichitikireni Freddy mu Malichi 2023 malo ena anagumuka ndipo njira zinasintha, ndiye mapu akale a pa intaneti musawakhulupirire kwambiri. Muwonjezere tsiku limodzi lapadera pa tchuthi chanu ndi chakudya chake. Galimoto musiye pa Likhubula, mukatsika ku Fort Lister mupeza njinga zamoto zokufikitsani ku Phalombe, kuchokera kumeneko minibasi mpaka pa Likhubula.

Nambewe: Mukatsimikiza mwezi mutiuze, mwina ife ndi bambo akwathu tikuperekezani mpaka pa Chambe n'kubwerera. Kupitirira apo tili ndi mbuzi zodyetsa.